Amene Anandidwalitsa Chiwindi

1

Woyamba kuona anali kasitomala. Ndinkamupatsira vitumbuwa pamsewu wa ku Kanyama, pamene mabasi amatembenukira, iye osalandira, maso ali pankhope panga.

"Bamake Chansa, mwaziyang'ana pagalasi lelo?"

"Galasi la chani m'mawa muno?"

"Menso yanu si yabwino. Yendani kuchipatala."

Ndinaseka. Koma atangochoka ndinatenga chivundikiro cha poto n'kudziyang'anirapo. Moyera monse mwa maso anga munali mutasanduka chikasu.

Dzina langa ndine Emelda, kwathu ndi ku Katete, koma ndakhala mu Lusaka chikwatiwire. Amuna anga, Ba Benard Mwenya, ndi a ku Kitwe, ndipo ntchito yawo ndi yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Nthawi imeneyo tinali ndi ana asanu ndi awiri, onse aakazi. Mimba imene ndinali nayo inali yachisanu ndi chitatu, itapitirira miyezi isanu ndi iwiri.

Kuyabwa kokha sikunandiopse. Pa mimba ziwiri zomaliza kunabweranso: zikhato ndi kunsi kwa mapazi kumayabwa ngati mwalowa nyerere, ine n'kumakanda ndi chitsononkho mpaka khungu kusupuka. Ndikangobereka, kumatha kokha. Koma ulendo uno kunadza ndi anzake. Mseru sunkandichoka, mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pansi pa nthiti zakumanja pankalemera ngati pali mwala.

Ndinaphimba beseni la vitumbuwa, osamaliza kugulitsa.

2

Kunyumba ndinapeza Ba Felistus, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, atakhala pampando wanga. Amakhala ku Matero. Chikwatiwire changa sanandibweretserepo ngakhale mchere, koma pa mimba imeneyi ankabwera pafupipafupi ndi mbale ya chibwabwa, nkhwani wotendera.

"Idyani, mulamu, mupeze mphamvu," anatero akuvundukula mbale. Kenako anayang'ana mimba yanga, n'kupukusa mutu. "Nayo iyi ni ya mukazi. Onani mwamene yazungulira."

"Mulungu ndiye apasa, bamulamu."

"Apasa, inde. Koma mulongo wanga akafa, dzina la Mwenya lizapita kuti? Nyumba yonse ni masiketi."

Amuna anga anali pakhomo akupukuta girisi m'manja. Anamva, koma sanayankhe. Kusayankha kwawoko kunandipweteka kuposa mawu a mlongo wawo.

Chansa, mwana wanga woyamba, anatulukira kuchokera kuseri ndi ndowa ya madzi. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atamaliza giredi twelofu, akudikira mwayi wa koleji. Ndi mwana wosalankhulalankhula. Chiyambire kudwala kwanga, nyumba yonse inali pamutu pake: kusambitsa azing'ono ake, kuchapa, kutunga madzi, kundiphikira phala la nsinjiro m'mawa uliwonse. Vuto lake linali limodzi, dzanja lolemera pa shuga.

Anatula ndowa n'kundiyang'ana m'maso. Nkhope yake inagwa.

"Mami, vibaba? Mumvela kuwawa?"

"Pang'ono chabe."

"Bashi Chansa," ndinatembenukira kwa amuna anga, "mawa munipeleke ku kiliniki."

Mbale ya Ba Felistus ndinadyako pang'ono, kuopa mawu.

3

Ku kiliniki sanatisunge. Nesi atangotsitsa chikope changa ndi chala, anatitumiza kuchipatala chachikulu m'tauni. Ba Felistus anatilondola, eti kudzathandiza.

Ananditenga magazi, n'kundigoneka mu wodi ya azimayi apakati. Masana kunabwera dokotala wamkazi wamng'ono thupi, Ba Nchimunya. Anakoka katani, nakhala m'mphepete mwa bedi.

"Mayi, vuto ili pachiwindi," anatero. "Mimba imachisebenzesa maningi chiwindi. Kwa azimayi ena ndulu imachedwa kuchoka, imabwelela m'magazi, ndiye kuyabwa kwamene mumamvela. Wamene vinamuchitikilapo, kambili vimabwela futi pa mimba inangu. Imwe mwabeleka kaseveni, thupi siinapumule. Ivo sivinidabwisa."

"Manje chovuta ni chani?" anafunsa amuna anga.

"Magazi yaonesa kuti chiwindi chaonongeka kupitilila pamene mimba yeka ingafikise. Monga pali chinangu chamene chaonjezela." Anandiyang'ana. "Mumamwa moba?"

"Sininalaweko chibadwile."

"Mapilisi yogula mweka? Mankwala ya mizu?"

"Kulibe, ba dokota."

"Ganizani bwino. Sinili kukuweluzani. Nifuna chabe kuziba chamene nimenyana nacho. Vikapitilila so, mwana angafele m'mimba kosachenjeza, na imwe magazi yangakane kuuma pobeleka."

Dokotala atatuluka, Ba Felistus anawomba m'manja kamodzi.

"Benard, wamvela? Mukazi wako anamwa vinthu. Afuna kuchosa mimba."

"Bamulamu!"

"Nanga ni chani? Dokota anama? Walema kubeleka, ndiye wafuna kupaya mwana wa mulongo wanga mwakabisila."

Ndinayang'ana amuna anga kuti andiikire kumbuyo. Anali akuyang'ana pansi.

"Bana Chansa," anatero motsitsa, "ngati muli na chokamba, kambani manje."

Ndinatembenukira kukhoma. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha: mbale zija za chibwabwa. Munthu amene sanandikondepo, n'chiyani chinamuyambitsa kundiphikira?

4

Nkhani inafika ku Kanyama ine ndisanasinthe n'chitenje chomwe. Azimayi a kumpingo anabwera awiri okha, anapemphera mwachidule ataimirira, mmodzi n'kupempha Mulungu kuti akhululukire "maganizo oipa a mtumiki wake". Ba Felistus sanabweretsenso chakudya. Amuna anga ankafika, n'kuima kumapazi a bedi ngati mlendo, n'kumapita.

Amene sanaphonye ndi Chansa. Nthawi yoona odwala ikakwana, ndiye anali woyamba kulowa, nsapato zili matope okhaokha a ku Kanyama, fulasiki ya phala ili m'manja. Chakudya cha m'chipatala chinkandibwerera kukhosi. Phala lake lokha ndilo linkatsika.

Ndinkadikira kuti ndiyambe kupeza bwino, poti tsopano ndinali kutali ndi mbale za mlamu wanga. M'malo mwake chikasu chinafalikira pakhungu. Tsiku lina ndikutsuka mano, nkhama zinatuluka magazi osafuna kuleka.

Ba Nchimunya anabwera nkhope ili yolimba.

"Mayi, magazi ya lelo yaipa kuchila ya pamene munabwela. Muli m'manja mwathu, tikupasani mankwala, koma chiwindi chikali kuonongeka. Ngati chinthu chija munachileka, sembe vayamba kusika. Niuzeni zoona. Chikali kungena?"

"Nalumbila, ba dokota. Nimadya chabe vamene…"

Mawu anandithera pakamwa.

"Vamene chani?"

"Palibe," ndinatero.

Atachoka ndinatenga fulasiki ya dzulo lake pakabati. Munatsala phala pang'ono pansi, litazizira. Ndinakombako ndi chala, n'kulisiya palilime osameza. Poyamba shuga. Shuga atasungunuka, kumbuyo kwa lilime kunatsala kuwawa kwina, ngati khungwa la mtengo.

Ndinakhala tsonga pabedi. Ndinapempha Mulungu kuti likhale lilime langa lodwala limene likundinamiza.

5

Masana Chansa analowa monga mwa masiku onse. Anandikonzera pilo, natsegula fulasiki, nathira phala m'kapu.

Pabedi loyandikana ndi langa panali mtsikana wa ku Chawama wa mimba yoyamba, amene analibe womuyendera.

"Lelo nilibe njala," ndinatero. "Pasa mukazi uyo. Sanadye kuchoka m'mawa."

Chansa anauma.

"Ni yanu iyi, mami."

"Niziba. Mupase."

Mtsikana uja anatambasula dzanja akumwetulira. Chansa anabweza kapu mofulumira mpaka phala linamutayikira pasiketi.

Sindinafunenso umboni wina. Ndinakoka katani, n'kumugwira pamkono.

"Waikamo chani?"

Anagwada pansi, nkhope n'kuibisa pabulangete. Kulira kwake kunalibe mawu, mapewa okha ndiwo ankagwedezeka.

"Chansa, nine nakubeleka. Ufuna nife?"

"Iyayi, mami! Iyayi!"

"Kamba."

Anayamba kufotokoza modukizadukiza. Mimba ili yaing'ono, ndinamutuma kukapereka chakudya kushopu ya bambo ake. Atafika kuseri kwa malata anamva mawu a Ba Felistus, ndipo anaima. Ankanena za mkazi wina wa ku komboni ya George, wamasiye, amene anabereka anyamata okhaokha. Bambo ake anayankha kuti adikira mimba iyi. Akabadwanso mtsikana, akamutenga mkaziyo, ine ndibwerere ku Katete.

"Ninaganiza za bang'ono banga, Chiku na benangu," anatero. "Bazaleledwa na ndani? Imwe muzayenda kuti?"

Mnzake wina anamulozera bambo wogulitsa mizu kumbuyo kwa msika m'tauni. Bamboyo anamupatsa madzi akuda m'botolo, nati supuni imodzi tsiku lililonse imatembenuza mwana m'mimba kukhala mwamuna.

"Manje pamene unaona menso yanga? Pamene banigoneka muno?"

"Ninabwelelako, mami. Ninamuuza. Anakamba ati chikasu ndiye chizindikilo chakuti visebenza. Ati nikalekela pakati, mwana azabadwa olemala, ndipo mulandu uzankala wanga." Anakweza nkhope. "Ninayopa kuleka, ninayopa kupitiliza. Badadi sibanatiuze vamene dokota anakamba. Mami, nenze kufuna chabe kuti musachoke."

Ndinafuna kumumenya. Dzanja ndinalikweza ndithu. Koma ndinaona zala zake zosweka ndi sopo, ndi makwinya pachipumi cha mwana amene sanafike n'zaka makumi awiri zomwe. Dzanja linatsikira pamutu pake.

Nthawi yomweyo katani inakokedwa mwamphamvu.

6

Anali amuna anga, Ba Felistus ali pambuyo pawo. M'manja mwa amuna anga munali botolo la madzi akuda, litatsala pang'ono kutha.

"Ichi nachipeza pakati pa malata na chipupa, kukicheni," anatero. "Bana Chansa, ni chani ichi?"

"Nenze nakamba!" Ba Felistus anakuwa kuti wodi yonse imve. "Uyu ni mulandu wa kupolisi. Wamene anagula na wamene anamwa, bonse bamangiwe."

Odwala anadzuka m'mabedi. Nesi anathamanga kukaitana dokotala. Chansa anaimirira, napukuta misozi, ndipo ndinaona milomo yake ikutseguka.

Ndinaganiza mofulumira kuposa mmene ndinaganizirapo. Akalankhula, Kanyama yense amutcha mwana amene anathira mayi ake mankhwala. Dzina limenelo silichoka. Palibe koleji, palibe banja, palibe nyumba imene angalowemo osanong'onedwa.

Ndinamutsina pantchafu.

"Ni changa," ndinatero. "Ninagula neka. Ninamwa neka."



"Kuti muchose mwana wanga?" anafunsa amuna anga.

"Kuti nikupaseni mwamuna wamene mufuna. Banati yamasandusa mwana m'mimba. Muganiza siniziba za mukazi wa ku George? Nabeleka kaseveni m'nyumba mwanu, bashi Chansa, ndipo kaseveni konse munayang'ana mwana monga nabwela na katundu olakwika. Manje onani. Iyi ndiye nkhope ya mukazi ofuna kukukondwelesani."

Ba Felistus anayang'ana kumbali.

Ba Nchimunya anali atafika. Analanda botolo, nalinunkhiza, nalipereka kwa nesi. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Mwana mwamumvela liti komaliza?"

Ndinaika dzanja pamimba. M'phokoso lonselo sindinazindikire. Chiyambire m'mawa, sanagunde.

Anabweretsa makina omvetsera. Dokotala anasuntha kachitsulo uku ndi uku pamimba panga. Kenako kanamveka, kamtima kakutali, kakugunda mochedwa, n'kumadukiza.

"Konzani fiyeta ya opaleshoni," anauza nesi. "Itanisani magazi. Ba Mwenya, sitingayembekeze futi. Tizayesa kupulumusa bonse babili, koma sinikulonjezani."

Akundikankha pakhonde, Chansa ankathamanga pambali pa bedi atagwira chala changa.

"Mami, lekani nikambe."

"Ukakamba, sindine mai wako," ndinamunong'oneza. Zitseko zinatsekeka.

7

Ndinatsitsimuka tsiku lotsatira, mapaipi ali m'mikono yonse. Anandiuza kuti ndinataya magazi ambiri, ndipo panali nthawi imene madokotala anasiya kulankhulana, aliyense akungogwira ntchito.

"Mwana?" ndinafunsa.

"Ali moyo," anatero Ba Nchimunya. "Ni mung'ono, ali m'kabokosi kofundisa, koma alimba." Anazengereza pang'ono. "Ni mwamuna."

Ndinatseka maso. Sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndilire.

"Mvelani bwino, mayi," anapitiriza. "Uyu mwana enze mwamuna kuchoka siku yamene mimba inangena. Kulibe muzu wamene ungachinje ivo. Vamene munamwa sivinamupange mwamuna. Vinasala pang'ono kumupaya, pamozi na imwe."

Botolo litachoka, ndiponso mimba itachoka, chiwindi chinayamba kubwerera pang'onopang'ono. Kuyabwa kunatha, khungu linayera. Ndisanatuluke ndinapempha ndekha njira yoti ndisadzatengenso mimba, ndipo amuna anga sanatsutse. Mwanayo anamutcha Nkole, dzina la bambo awo.

Ndinkaganiza kuti bodza langa lathera m'chipatala. Ndinalakwitsa.

Azimayi omwe aja amene ankandinena kuti ndine wochotsa mimba anayamba kubwera kunyumba mmodzimmodzi. Amayamba ndi kuona mwana, kenako n'kusendera pafupi. "Bamake Chansa, tiuzeniko kwamene munagula." Ndikawauza kuti ndinatsala pang'ono kufa, amayang'ana Nkole n'kumwetulira. "Koma mwamuna munamupeza."

Chansa ankamva zonsezi ali kukhitchini. Anaonda. Ankachapa matewera a mlongo wake, koma kumunyamula ankakana.

8

Loweruka lina masana Ba Felistus anafika ndi mpongozi wawo, mtsikana wa ana aakazi atatu, ali ndi mimba yoonekera. Amuna anga anali pampando, Nkole ali pamiyendo.

"Mulamu, vakale ni vakale," anatero Ba Felistus mokoma. "Thandizani mwana uyu. Mulangizeni kwamene munagula. Azamwa pang'ono chabe, osati monga imwe."

Ndisanayankhe, Chansa anatulukira pakhomo la kukhitchini, manja ali ndi thovu.

"Bamami sibaziba kwamene yagulisiwa," anatero. "Sibanayendeko."

"Chansa, ngena m'nyumba," ndinatero.

"Iyayi, mami. Uyu naye azafa." Anatembenukira kwa bambo ake. "Nine ninagula. Nine nenze kuika m'phala. Bamami sibanazibe mpaka siku ya opaleshoni. Bananama kuti banichingilize."

Amuna anga anamuyang'ana ngati sakumudziwa.

"Iwe? Chifukwa chani?"

"Ninakumvelani kushopu, dadi. Imwe na ba anti. Vonse."

Mpongozi uja anagwira mimba yake ndi manja awiri, n'kubwerera m'mbuyo. Ba Felistus anayamba kukuwa kuti mwana ameneyu ndi mfiti, koma amuna anga anakweza dzanja.

"Felistus, yenda," anatero. Aka kanali koyamba kumva akutchula mlongo wawo wamkulu popanda ulemu. "Yenda, usabwele mpaka nikuitane."

Alendo atapita, amuna anga anandipatsira Nkole. Anaima pamaso pa Chansa nthawi yaitali. Ndinkaopa kuti amumenya. Koma anangokhala pansi, pasimenti penipeni, nagwira mutu ndi manja awiri. Ana ena onse anaunjikana pakhomo, akuona bambo awo akulira.

9

Zimene ndinkaopa zinachitikadi. Nkhani inamveka, ndipo Chansa sakanathanso kupita kumpopi osalozedwa. Pano amakhala kwa mng'ono wanga ku Bauleni, akugwira ntchito ya m'nyumba ku mayadi. Bambo ake amamuimbira foni. Nthawi zina amayankha. Wogulitsa mizu uja amuna anga anakamufunafuna, koma pamalo pake anapeza munthu wogulitsa nsapato.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwagamula kale kuti wolakwa ndani. Ine ndinalephera. Mwana wanga anandithira mankhwala, koma anatero chifukwa chondikonda. Amuna anga sanagwire botolo, koma mawu awo ndiwo anamutuma. Abambo, zimene mumanena za ana aakazi, iwo amazimva, ndipo amazinyamula okha osauza munthu.

Azimayi anzanga amene mwabereka kambiri, musamati thupi linazolowera. Ine kuyabwa ndinkakutenga ngati mlendo wodziwika, osakutchula n'komwe ku sikelo. Zikhato zikayamba kuyabwa, mkodzo ukada, pitani akakuoneni magazi. Ndipo wina akakuuzani kuti mayi wina wa ku Kanyama anamwa mizu n'kubereka mwamuna, muuzeni kuti mayiyo ndine, ndipo ndi bodza.

Chansa anandilola kulemba izi. Anabwera mwezi watha kudzationa, n'kuima pakhomo ngati mlendo. Nkole, amene tsopano akukwawa, anapita molunjika kumapazi ake, nagwira siketi, nayamba kudzikoka kuti aimirire. Chansa anayang'ana kudenga, manja atawabisa kumbuyo. Mwanayo anapendama, kutsala pang'ono kugwa chagada.

Anamuwakha asanafike pansi. Ndipo sanamutsitsenso mpaka nthawi yokakwera basi.